Zithunzi za Adada Zapita M'belo

Chisemphere,
Kasungu.
22 Juni 2008

Wokondedwa mlongo wanga Levison,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi mlamu wanga amene sindinamuonepo ngakhale pachithunzi. Akuti dzina lake ndi Feggie, ndipo akuti muli ndi ana awiri. Zonsezi ndikumva kwa anthu, ngati kuti sitinayamwe bere limodzi. Kaya ku Joniko mwadzuka bwanji? Kaya chisanu chikukusiyani? Kuno chafika ndi mphamvu, m'mawa madzi a mumtsuko akuluma mano.

Tinamva pawailesi za chipwirikiti cha mwezi watha, kuti akuthamangitsa obwera. Amuna ake a Evelyn wa m'mudzi muno anabwerera pa mabasi a othawa aja, atangonyamula jumbo imodzi. Ndi iwo anandiuza kuti uli moyo, kuti kumene ukukhala sikunafike moto, ndipo ndi iwo andipatsa keyala yako. Anandipatsa mokayikakayika, ati unawaletsa. Usawakalipire, ndinawakhalira pakhomo mpaka anatopa nane.

Ife kuno tilipo. Alamu ako a Rabson ali bwino, kungodandaula msana monga mwa alimi onse. Mwana wathu Perpetua, amene unamusiya akuyamwa chala, ali Fomu 2 ku Nkhamenya, ndipo wandipitirira msinkhu. Chimanga chaka chino tapezako, sitigula mpaka Janyuwale ngati anankafumbwe atichitira chifundo.

Usathamangire kumapeto kwa kalata kuti uone ngati ndi uthenga wa maliro. Adada ali moyo. Komanso sindikupempha ndalama, pumira pansi. Khala penapake uwerenge zonse mwadongosolo, chifukwa ndalakwa chinthu, ndipo adada asiya kudya chifukwa cha chinthucho.

Ndiyambe ndi matenda awo, poti sindikudziwa ngati unamva.

Adada anagwa mu Novembala, pamzere wa feteleza. Dzina lawo linatuluka pa makuponi, ndiye anakakamira kuti akaime okha, ati kuponi ya munthu satumira wina. Ukuwadziwa. Anaima Lachiwiri tsiku lonse, feteleza osafika. Lachitatu dzuwa lili paliwombo anangoti khwefu, kuponi ili m'manja. Anthu anawanyamula kukawagoneka pansi pa mtengo, koma aliyense diso lili pamalo pake pamzere. Sindikuwada, nanenso ndikanatero.

Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka. Mutu uli bwinobwino, amamva zonse, koma mawu amatuluka limodzilimodzi ngati munthu akuzula chinangwa panthaka youma. Tinawatenga kuti azikhala kwathu, m'kachipinda kamene tinkasungiramo mbewu. Feteleza uja anakatenga alamu ako, thumba n'kugawana ndi a Lefina, oyandikana nafe nyumba, monga anagamulira a komiti.

Tsiku lowasamutsa, pakatundu wawo yense analoza chinthu chimodzi chokha: chitini chija chofiira cha mabisiketi. Ukuchikumbuka, chosungiramo zithunzi za sitima zimene anabwera nazo kuchokera ku Bulawayo, chija tinkakwapulidwa tikangochikhudza.

Ndisakunamize, ine zithunzi zimenezo ndinkadana nazo. Munthu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ku Rodeshiya, anzake anabwera ndi malata, njinga, makina osokera. Iwo anabwera ndi zithunzi za zitsulo ndi chifuwa cha malasha. Malemu amama ankati anakwatiwa pamitala, mkazi wamkulu ndi sitima.

Koma matenda anandikhazika pambali pawo. M'mawa uliwonse ndikawatulutsa pakhonde kuti aothe dzuwa, ankaloza chitini. Poti dzanja latsala limodzi, ine ndinkagwira chithunzi, iwo n'kumayendetsa chala. Phala linkalowa pokhapokha chithunzi chili patsogolo. Supuni, chithunzi, supuni, chithunzi, mpaka mbale mbee. A Lefina ankandiseka podutsa, ati mwana wanga wa ndevu zoyerayu sadya popanda chidole.

Poyamba thupi linkakhala pakhonde, mtima uli kumunda. Koma chinthu ukachiyang'ana tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu, umayamba kuchiona.

Levison, zinthu zija zinali zazikulu. Ife tili ana tinkaziona mwakuba, khutu lili kuchitseko. Pali chithunzi china, mutu wa sitima waima chammbali, wautali kuposa chigafa chathu, mwinanso kuposa tchalitchi. Uli ndi magudumu kutsogolo, magudumu enanso kumbuyo, ndipo chimgolo chowiritsira madzi chalendewera pakati, monga amuna awiri amanyamulira belo. Adada amautcha Garata. Pambali pa gudumu paima munthu wamkulu ndithu, koma gudumulo lamufika m'khosi.

China anajambula pamlatho wa pamathithi. Utsi wakuda bii ukukwera, nkhungu yoyera ya madzi ikuchokera pansi, zakumana pamwamba pa mabogi. Chimenechi ndinkachisunga kuti chikhale chomaliza, chifukwa akachiona ankatsegula pakamwa okha.

China ndi cha m'mawa, m'nyumba yogonamo masitima. Mitu isanu yandandalika, nthunzi ikutuluka m'mbali ngati ng'ombe zikupuma m'khola mwezi ngati uno. China chikukoka malasha kuchokera ku Wanki. Mabogi ndinawawerenga mpaka makumi atatu, enawo alowa m'tchire, chithunzi chathera pomwepo. Kuseri kwa chilichonse kuli nambala ndi chaka, zolemba ndi pensulo, dzanja lawo la kale lija lopendekeka.

Ine sitima sindinaionepo ndi maso, ukudziwa kuti ku Kasungu kuno kulibe njanji. Iwe akuti umakwera tsiku ndi tsiku popita kuntchito, mwina umagonamonso tulo. Koma ndikukuuza, ndinafika poti ndikayang'ana magudumu aja ndinkamva ngati pansi pakunjenjemera. Nthawi zina adada ankatulutsa mpweya kukamwa kopotoka kuja, fuu, fuu, pang'onopang'ono kenako mofulumira, kundionetsa mmene inkanyamukira. Perpetua akakhalapo ankabisa nkhope m'chitenje kuti asaseke.

Iwo eni ake alipo pa zithunzi ziwiri zokha, kamunthu kakang'ono kovala ovololo, chisanza m'manja, nkhope yosaoneka bwino. Kodi unkadziwa kuti sanayendetsepo? Ife tinkadzitama kusukulu kuti adada anali dalaivala wa sitima. Ayi ndithu. Ntchito yawo inali kupukuta ndi kuyatsa moto, kuti mzungu woyendetsa akamafika apeze madzi atawira kale. Anandiuza okha, zinatenga m'mawa wonse. Sananene mwamanyazi. Anaika chala pachitsulo china chachitali cholumikiza magudumu, chowala ngati mpeni watsopano, n'kunena kuti:

"Ine."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunafuna malo owala pa chithunzi chilichonse. Analipo ambiri.

Tsono imva chimene ndachita.

Kumapeto kwa Epulo kunagwa mvula yotsanzika, masana, tili mkati mosankha fodya. Chakudza sichiimba ng'oma. Tonse tinathamangira kuchigafa kukatchinga m'mbali kuti fodya asanyowe. Denga la kachipinda ka adada tinaliyala matumba a feteleza pansi pa udzu, koma linadonthabe, ndipo linasankha kudonthera pachitini penipeni. Chivundikiro chinasiya kalekale kutseka bwino. Zithunzi zinali m'kajumbo ka shuga, koma madzi analowera kukamwa kwake n'kukhazikika momwemo.

Ndinazimatula chimodzichimodzi ndi nthenga ya nkhuku, n'kuziyanika pamkeka, pamthunzi. Sizinawonongeke, Mulungu ndi mboni, utsi unali utsi, magudumu anali magudumu. Koma zitauma zinapindika ngati tsamba la fodya louma ndi mphepo. Ukati uwongole, zinkalira ngati zithyoka. Adada ankangondiyang'ana m'manja.

Nanga mlimi wa fodya akaona tsamba lopindika amatani? Sapita kwa telala kukabwereka simbi. Amalilowetsa mumulu, lifewe ndi chinyezi cha anzake, kulemera kwa mulu kuliwongole. Manja anga anachita zimenezo mutu usanaganize.

Kajumbo ndinakasiya m'nyumba. Alangizi anatiuza kambirimbiri kuti pulasitiki, ngakhale kaulusi ka thumba la feteleza, kasayandikire chigafa. Akakapeza m'belo ku okushoni, belo limabwezedwa, mwinanso kalabu yonse ya alimi n'kuitsekera nambala yogulitsira. Waona nzeru za mlongo wako? Pulasitiki ndinaiopa, koma mapepala asanu ndi anayi ndinawalowetsa ndi manja anga pakatikati pa mulu wa masamba aatali, osankha kale, omanga kale timitolo.

Alamu ako sindinawauze. Akanakalipa kuti fodya si sutikesi, ndipo ndinkati ndi za masiku awiri okha. Adada ndinawauza kuti zithunzi zikuwongoka mumulu, apirire pang'ono. Anavomera ndi mutu. Nawonso ndi mlimi wa fodya, anaona kuti ndi nzeru.

Mawa lake kunabwera uthenga wa maliro a apongozi ake a Lefina, kupitirira Nkhamenya. Amayi a Chigwirizano tinapita, ndipo tinagonako masiku awiri chifukwa ankadikira mwana wochokera ku Mzuzu. Adada ndinawasiya m'manja mwa alamu ako. Za mulu ndinazikumbukira ndili kumanda, koma ndinati palibe chimene chingachitike, tsiku lathu lodinda likadali kutali.

Kalabu yathu ili ndi jeke imodzi yodindira mabelo, ndipo imayenda khomo ndi khomo. Ife inkayenera kutipeza sabata yotsatira. Koma amene anali patsogolo pathu anali kumaliro komweko, ndiye jeke inadumpha n'kugwera kwathu. Jeke ikafika pakhomo, mwamuna safunsa kuti mkazi wapita kuti. A Rabson anaitana anzawo, anadinda tsiku lonse, akunyamula fodya chodzaza mikono, osayang'ananso tsamba ndi tsamba poti kusankha tinali titamaliza. Fodya wofewa amamata, ndiye zithunzi zinakwera zitakakamira pamasamba. Anasoka ziguduli, analemba nambala. Lole ya a Mphepo inanyamula m'mawa mwake.

Adada anali pakhonde tsiku lonselo, chigafa chili patsogolo pawo. Alamu ako akuti anawamva akuchita phokoso, akumenya mpando, koma anaganiza kuti akufuna madzi. Anawapatsa madzi.

Nditabwera ndinapeza m'chigafa mwasesedwa. Ndinaima pakhomo pake, chitenje cha kumaliro chikadali m'chiuno. Sindinakuwe, sindinagwe. Ndinangoona kuti asesa bwino, mpaka m'makona, ndipo ndinkadzifunsa kuti wasesa chonchi ndani.

Nditawauza a Rabson anagwira m'mutu, koma osati chifukwa cha zithunzi. Anafunsa kuti zili m'belo liti. Ndikanadziwa bwanji? Masamba aatali analowa m'mabelo anayi. Anati nditseke pakamwa, a kalabu akamva atichotsa, mabanja a eni ake avutika chifukwa cha masitima a apongozi awo. Anati mapepala ndi mapepala, fodya ndiye chakudya cha ana. Sananame. Ndinawayankha kuti chabwino, n'kunyamula ndowa kupita kumjigo.

Ndinapirira milungu itatu, khutu lili kumsewu, kudikira kuti mwina lole ibweza belo. Kenako ndinanama kuti ndikukaona Perpetua kusukulu, n'kukwera matola olowera kwina, kupita ku okushoni. M'mutu mwanga ndinkaona ngati ndikapeza mabelo athu ataima pakona, ndikagwada kwa bwana, andilola kusomola ulusi n'kulowetsa dzanja. Njira yonse ndinkapemphera kuti fodya wathu akhale atamukana. Mlimi wa fodya kupempherera kuti fodya wake akanidwe! Mulungu ayenera kuti anadabwa.

Iwe unathawa fodya usanafikeko ku okushoni, ndiye sungamvetse. Ndi chinyumba choti Garata akhoza kulowamo n'kutembenuka, chodzaza mizere ya ziguduli zofanana zokhazokha, fumbi la fodya likutsamwitsa. Ndinaima pachipata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Bambo wina wachifundo wogwira ntchito momwemo anatenga nambala yathu n'kukayang'ana. Anabwera akumwetulira. Anati mabelo anagulidwa Lachinayi, onse, palibe lobwezedwa, ndipo anachoka kale kupita kufakitale. Anandiyamikira kuti tinasankha bwino. Ndinamufunsa kuti kufakitale amatani akapeza pepala m'fodya. Anati fodya amayenda palamba, amayi amaima uku ndi uku kutola zinyalala n'kumaponya m'madengu, madenguwo amakakhuthula pamoto. Anandifunsa kuti pepala lanji. Ndinati palibe, ndimangofunsa.

Pobwerera m'matola ndinadya nthochi ziwiri. Ndikukuuza zimenezi kuti udziwe kuti njala ndinkaimva, koma china chilichonse ayi. Mtima unachita dzanzi, monga umachitira mwendo ukaukhalira nthawi yaitali pamaliro, ndipo mpaka lero sunadzuke. Kunyumba ndinapeza uthenga wa mabelo utafika kale, alamu ako akuseka ndi anzawo. Anapha tambala. Ndinamuphika, ndinathira mchere wokwanira.

Ndimaganiza za amayi a palamba aja nthawi zina. Kaya amene anatola cha pamlatho anachiyang'anako asanaponye, kaya lamba amathamanga kwambiri.

Adada ndinawanamiza pafupifupi miyezi iwiri. M'mawa uliwonse ankaloza chitini, ndinkawapatsa, ankatsegula ndi chala chachikulu, kuyang'ana pansi pake, kenako kuyang'ana ine. Ine n'kumati zikuwongoka, adada, ndazisamutsira pansi pa thabwa. Chigafa chili mbee patsogolo pawo, mbuzi zikugonamo. Munthu woti anaona jeke ndi maso ake. Sankanditsutsa, ankangotseka chitini.

Phala linayamba kubwerera. Poyamba theka la mbale, kenako masupuni atatu, kenako kungonyowetsa milomo. Tinapita nawo kuchipatala pangolo, anati sakupeza matenda atsopano, tiziwanyengerera. Ndayesa phala la mpunga, ndayesa la soya, ndathira nsinjiro, ndathira uchi. Akuchepa, Levison. Kale powatulutsa pakhonde tinkagwirizana awiri. Masiku ano sindiitananso munthu.

Alamu ako nawo chinawakhudza, ngakhale sanena. Anapita mpaka kuboma kukazungulira m'masitolo kufuna kalendala ya sitima, anangopeza za mpira ndi za Yesu. Perpetua atabwera kudzationa anang'amba tsamba m'buku lake lakale, pali sitima ya masiku ano, yabuluu. Adada anaiyang'ana nthawi yaitali. Anayendetsa chala pamwamba pake kufuna potulukira utsi, sanapapeze. Anakankha pepalalo n'kunena kuti imeneyo ndi lole.

Lamulungu lapitali sindinapite kutchalitchi. Anthu onse atachoka ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo n'kuwauza zonse. Za jeke ankazidziwa. Ndinawauza za okushoni, za lamba, za madengu ndi moto. Ndinalankhula ngati ndikuwerenga zolengeza za mumpingo. Nditamaliza ndinadikira kuti akwiye. Ndinkafuna ndithu kuti akwiye, kapena andigende ndi chitini, mwina mtima wanga ukanadzidzimuka.

Nkhuku zinabwera kudzatola phala limene linadonthera pansi. Kenako anati:

"Chatsala chimodzi."

Ndinati ayi adada, zonse zinapita, ndinaziika ndekha.

"Cha Levison."

Tsopano tilankhule zimene iwe ndi ine takhala tikuzilambalala zaka khumi ndi ziwiri.

Tsiku lija unakangana nawo m'munda, unaponya khasu n'kunena kuti sudzafera fodya. Iwo anakuuza kuti ukachoka usadzabwere ngakhale pamaliro awo. Unanyamuka mawa lake. Patapita sabata anapeza kuti m'chitini mukusowa chithunzi chimodzi, chachikulu chija, chimene aima pamphuno pa Garata atagwira nyale yake, chokhacho chimene nkhope yawo imaoneka bwino.

Ine ndinkadziwa kuti ndiwe. Ndinachiona m'Baibulo lako pamene ndinkakulongedzera chikwama. Sindinakuulule. Adada anaimba mlandu ine, ati ndinalekerera Perpetua kuti aseweretse chitini, mwana wa zaka zitatu. Anakhala dzinja lonse osadya chophika ine, osandiyankha moni, tikakumana panjira ya kumunda ankayang'ana chimanga. Amama analowererapo mpaka kutopa. Zimenezi iwe sunazidziwe, ndipo sindinkafuna kuti uzidziwe. Ndinasenza, poti ndinkati ndikutchinjiriza mlongo wanga kuti tsiku lina adzapeze chitseko chosatseka.

Ndiye Lamulungulo ndinawafunsa ngati ankadziwa chiyambire.

Anavomera ndi mutu. Pang'onopang'ono anandiuza kuti anakuona ukutsegula chitini, iwo ali pawindo kunja, ndipo anakusiya dala kuti upite nacho.

Ndinafunsa kuti nanga ine ndinalakwanji dzinja lonse lija.

Anavutika kutulutsa mawu. Malovu anatsika, ndinawapukuta ndi nsonga ya chitenje. Kenako anati:

"Iwe unali pafupi."

Ndinayembekezera kuti ndilira, kapena ndiimirira n'kuwasiya pomwepo ndi mbuzi. Palibe chinachitika. Ndinangoona kuti zikhadabo zawo zakula, ndinalowa m'nyumba kukatenga lezala, ndinawawenga zala zonse, za dzanja lamoyo ndi za lakufa.

Sindinakulembere kuti ndikuimbe mlandu. Pamaliro a amama, chaka cha njala chija, sunabwere, ndipo sindinakufunse. Anthu akamandiuza kuti chibale ndi fupa sichiola ndimangowayang'ana. Ndilibe mphamvu zokukwiyira, Levison, ngakhale ndikanafuna. Wotaya zithunzi zisanu ndi zinayi angamunene chiyani wotenga chimodzi?

Sindikudziwa ngati ukadali nacho. Mwina unachitaya posamuka, mwina chinanyowa ngati zinzake, mwina chili m'Baibulo lomwe lija ndipo mlamu wanga sanachionepo. Ngati chilipo, chitulutse uchiyang'ane bwino, osati mwakuba. Uyang'ane nyale ija mmene ikuwalira. Anapukuta ndi iwo.

Ndinawauza adada kuti ndikulembera kalata, uchiike mu envulopu, uwapatse a mabasi, sabata imodzi chikhala chafika. Anapukusa mutu. Ndinaganiza kuti akuopa kuti chisochera panjira, ndiye ndinati ndikuuza kuti uchitumize kudzera ku positi, kolembetsa. Anapukusanso mutu, n'kumenya chitini ndi chikhatho mpaka chinagwa. Anatenga nthawi, mitsempha ya m'khosi itaima, koma mawu anatuluka omveka bwino kuposa onse amene alankhula chigwereni:

"Abwere nacho."

Ndakuuza monga ananenera, sindinawonjezere, sindinachotse.

Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali, ndipo mwina ukatuluka, kubwereranso kumeneko kudzavuta. Ndikudziwanso zimene anakuuza m'munda muja, ndinalipo. Sadzakupepesa, usayembekezere. Ngakhale atafuna, pakamwa sipangawalole. Ngati chithunzi chinatayika, usachite mantha, bwera ndi manja okha. Adzakuyang'ana m'manja kamodzi, kenako adzakuyang'ana kumaso.

Ukatsika basi pamsewu waukulu ukwere kabaza, unene kuti kwa a Rabson a fodya, kuseri kwa mjigo. Usakaime pa nyumba ya adada, inagwa ndi mvula ya chaka chino, pamera maungu. Usadikire kuti uyambe wapeza mphatso. Nazale tiyamba mu Ogasiti, ndipo mmene ndikuwanyamuliramu sindikuona ngati adzafika pofesa.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Feggie, umuuze kuti ali ndi mlamu kuno wolongolola koma wosaluma. Ana uwapsompsone, undilembere maina awo. Alamu ako akupereka moni, a Lefina akupereka moni, Perpetua akuti amalume ake sakuwakumbuka koma akuwapatsa moni.

Mulungu akusunge, akuyendetse bwino panjira. Ndikuti panjira chifukwa ndawanamizanso. Lachiwiri ndinawauza kuti ndalankhula nawe pafoni ya amuna ake a Evelyn, ndipo wavomera, ukungodikira tchuthi kuntchito. Tsiku limenelo anadya masupuni anayi. Dzulo asanu ndi imodzi. Lero m'mawa anakana kukhala moyang'ana chigafa, anandiuza kuti nditembenuze mpando uyang'ane kumsewu, ndipo ndautembenuza.

Ndine mlongo wako,
Dorika